Zilembo Zimene Zinamira ku Kanyama

Mvula ikayamba kugwa, mpaka lero msana umandiwawa ngati ndangowerama kumene pansi pa tebulo lija. Ndinakhala zaka zingapo ndikuyang'anira kachipinda ka makompyuta kuseri kwa tchalitchi chathu m'komboni ya Kanyama. Anthu ankandiitana kuti ticha, koma kunena zoona, ntchito yanga yeniyeni inali ya ulonda. Ndinkalondera bokosi limodzi lakale limene aliyense ankaliona ngati chinyalala.

Makompyutawo anabwera ndi alendo ena achifundo, amene anawalumikiza, kujambulitsa nafe zithunzi, n'kubwerera kwawo. Anali okalamba kale. Ophunzira ankakhala aliyense pa sikirini yake, koma mapulogalamu onse ankayendera pa kompyuta yaikulu ya pa desiki langa, kudzera m'mawaya a netiweki. Kompyuta yaikuluyo inali yodzaza mpaka pakhosi, choncho zilembo anazisunga kwina. Mitundu yonse ya zilembo, zazikulu, zonenepa, zopendekeka, zimene ena amati mafonti, inali m'bokosi lotuwa lopanda sikirini ndi kiyibodi, pansi pa tebulo la pakona. Imeneyo ndiyo inali seva ya zilembo. Kompyuta iliyonse ikafuna kuonetsa mawu pa windo, inkayamba yakapempha maonekedwe a zilembo ku bokosilo, monga mmene tonse a m'komboni timapitira ndi zigubu ku kiyosiki imodzi ya madzi. Kiyosiki ikatseka, mzere wonse wa nyumba sumasamba.

Bokosi limenelo ndinalidziwa kuposa abale anga ena. Ndinaphunzira ndekha, mogwa ndi kudzuka, kulemba m'fayilo ya malamulo ake: zikwatu zimene lizikatengamo zilembo, kuchuluka kwa makompyuta amene liziwayankha nthawi imodzi, ndi khomo lake la pa netiweki. Ukawonjezera zilembo zatsopano osaliuza bwinobwino, linkachita ngati silikuzidziwa. Ukaphonya kachizindikiro kamodzi, linkakana kudzuka. Likangosiya kuyankha, masikirini onse ankauma gwa, ophunzira n'kuyamba kukuwa, "Ba ticha, yafa futi!"

Koma nthawi zambiri silinkafa lokha, linkachita kuphedwa. Magetsi kwathu ankabwera ngati mlendo wosagonera, ndipo akangobwera aliyense ankathamanga ndi foni kusaka soketi. Munthu ankasuzumira pansi pa tebulo, kuona bokosi lopanda nkhope, n'kuzula pulagi yake ndi mtima woyera. Ndinamata chenjezo, ndinamanga ndi tepi, ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Tsiku lina ndinapeza atazula ndi a cheyamani a komiti ya tchalitchi eniakewo, foni yawo itakhala pamwamba pa bokosilo.

"Ba cheyamani, mwazimya kilasi yonse," ndinatero.

"Awe ba ticha, aka kanthu sikasebenza. Kalibe na TV. Nachosako chabe pang'ono."

Ndinawapempha kashelefu ka pakhoma kuti bokosilo lichoke pansi. Anati komiti ikambirana. Komitiyo inakambirana mpaka dzinja linabwera, linapita, n'kubweranso. Ine ndinangotola njerwa ziwiri n'kulikhazikapo, poti pakamwa panali patatopa.

Chaka chimenecho m'kalasi mwanga munalowa mayi anga aakulu, akulu awo a mayi ondibereka, amene anandilera nditachoka ku Katete. Kwa zaka zambiri ankatayipa makalata ndi ma oda pa makina akale a tayipi m'sitolo ina ya hoselo ku Kamwala. Kenaka eni sitolo anagula kompyuta, n'kuwauza kuti abweretse setifiketi yosonyeza kuti amaidziwa, apo ayi atsikana ofuna mpandowo analipo ambiri. Ntchito imeneyo ndiyo inkalipira lendi ndi kudyetsa adzukulu amene mwana wawo wamkazi anawasiyira pomwalira. Vuto linali maso. Anali atayamba kuchita nkhungu, koma mayi sankafuna kumva zimenezo. Ukawatchulira za magalasi, ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

Tsiku loyamba anakhala pa sikirini, anatsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Iwe, izi ni nyelele, si vilembo."

Atapita, ndinawerama pansi pa tebulo paja. Ndinasankha zilembo zazikulu ndi zonenepa m'bokosimo, ndinakonza malamulo ake, ndipo ndinachita zoti iwo akangolowa ndi dzina lawo, windo lililonse lizipempha zimenezo. M'mawa mwake mawu anawatulukira aakulu ngati olembedwa kumbuyo kwa minibasi. Anamwetulira mpaka kuonetsa chibwano cha m'mbali chopanda dzino. Ndinayamba kuwafotokozera za seva, koma anandidula pakamwa.

"Chizungu chako cha mawaya sunga weka. Nionese chabe pofinya."

Sabata lomwelo abusa anali atawasanjika manja kupempherera masowo. Lamlungu, nthawi ya maumboni itakwana, ndinangoona mayi aimirira. Anauza mpingo wonse kuti maso awo atseguka, ndipo tsopano akuwerenga kompyuta popanda magalasi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Pobwerera kunyumba ndinayesanso kuwauza kuti zilembozo ndinachita kuzikulitsa.

"Osakamba monga wakunja," anatero. "Mulungu amasebenzesa vinthu vambili."

Ndinangoti chabwino. Munthu amene walephera kuuza anthu kuti asazule pulagi angatsutse bwanji umboni wa mayi ake? Ndiponso anali kuphunzira bwino. Zala zawo zinkathamanga kuposa za achinyamata onse, ndipo ndinali nditaganiza kale kuti akangolandira setifiketi, ndidzapita ku Kamwala kukawakulitsira zilembo pa kompyuta ya kusitolo. Chinatsala ndi mayeso okha. Woyesa ankachokera ku koleji ina ya m'tauni, ndipo ankabwera kamodzi pa temu. Ulendo umenewo anati abwera Loweruka.

Mvula inagwa Lachinayi masana, ine ndili m'tauni kogula waya. Kanyama anakhala pa thanthwe, madzi salowa pansi, amangoyendayenda kusaka khomo lotsegula. Minibasi inatitsitsira kutali, ndipo ndinayenda m'madzi ofika m'mawondo, osafuna kuganiza za zimbudzi zimene zinasefukiramo. Nditafika kutchalitchi ndinapeza azibambo a mpingo ataima pakhomo, atanyowa mpaka m'kati, a cheyamani atamanga phazi ndi nsanza chifukwa anaponda botolo.

"Ba ticha, osadandaula!" anafuula. "Tapulumusa vonse!"

Anandilowetsa m'tchalitchi monyadira. Pa guwa anali atasanja masikirini onse, makiyibodi, kompyuta yaikulu ija, ngakhale wotchi ya pakhoma ndi maluwa a pulasitiki, atazifunditsa nsalu za kwaya. Ndinayang'ana mulu wonsewo kawiri, kenaka ndinapita kuseri. M'kachipindamo madzi anali a bulauni. Pansi pa tebulo la pakona pankangooneka msana wa bokosi langa, patapata wa munthu akuyandama pambali pake.

Ndinkafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Anthuwo anasiya nyumba zawo zikulowa madzi n'kubwera kudzanyamula katundu wa kalasi yanga. Ananyamula chilichonse chimene chinkaoneka chamtengo. Ndinatuluka n'kuwauza kuti zikomo kwambiri.

Lachisanu lonse ndinalimbana nalo. Ndinalitsegula, ndinachotsa matope, ndinakabwereka chowumitsira tsitsi ku saluni ya pafupi. Nditaliyatsa, disiki yake inangolira kuti tche, tche, n'kukhala chete. Ndinakumbukira kuti alendo aja anasiya chimbale cha CD chokhala ndi zilembo zonse. Nditafunsafunsa, mlonda wa patchalitchi anavomera kuti anachipereka kalekale kwa mlamu wake woyendetsa minibasi, ndipo chinkalendewera pa galasi lakutsogolo ngati chokongoletsa. Ndinathamangira ku kafe ya intaneti, ndinapeza nawonso akukolopa madzi, makina ali ozima. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Makompyuta aja tinawabwezera m'malo mwake, koma ankakana kutsegula mawindo, ankangodikira bokosi lakufalo kuti liwayankhe. Ndinapita pa iliyonse n'kufufuta adiresi ya bokosilo. Apo anadzuka, koma ndi mtundu umodzi wokha wa zilembo umene amabadwa nawo, tizilembo ting'onoting'ono, towonda, tosatheka kukulitsa. Ndinayesa njira zonse zimene ndinkadziwa, osaphula kanthu.

Loweruka ndinachonderera woyesa uja kuti tisinthe tsiku. Anayang'ana sikirini imodzi, anayang'ana nsapato zake zimene zinali zitadetsedwa kale ndi matope athu, n'kunena kuti, "Vilembo vioneka. Ine siningabwele futi kuno mu manzi." Achinyamata anangosendeza mipando pafupi n'kuyamba kutayipa.

Mayi anafika atavala jekete lawo la kuntchito pamwamba pa chitenje chatsopano, majombo ali m'pepala la pulasitiki. Ndinkafuna kukumana nawo pakhomo kuti ndiwachenjeze, koma woyesa anali atandigwira ndi mafunso. Anakhala pamalo pawo pa masiku onse. Anayang'ana sikirini. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Anapukuta maso awo. Kenaka anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi, ndipo anandikodola ndi dzanja.

"Vilembo vanga vili kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Amai, vinali mu kabokosi kaja. Kanamila mu manzi."

"Kaja ka pansi pa tebulo?"

"Ee, Amai."

Zala zawo zinali pa kiyibodi, osafinya kanthu. M'chipindamo munkangomveka kugogoda kwa anzawo.

"Kansi si menso yanachila," anatero, atazindikira kuti maso awo sanachire.

Anaimirira, anabwezera mpando pansi pa tebulo mwaudongo monga ankachitira ku ofesi, anatsanzika woyesa mwaulemu, n'kuvala majombo awo pakhomo. Mwezi utatha, mpando wa ku Kamwala unapita kwa mtsikana wina, ndipo mayi anayamba kukazinga zitumbuwa pakhonde.

Shelefu ija komiti inaikhoma sabata lotsatira mayeso aja, yaitali bwino, yopaka utoto. Patapita nthawi ndinapeza bokosi lina, ndinalikonza kuyambira pachiyambi, ndipo zilembo zazikulu zija ndinaziikamonso ngakhale panalibe wozipempha. Ndinagwirabe ntchitoyo zaka zina, koma mtima unali utachokamo.

Chimene sindiiwala ndi Lamlungu lotsatira mayesowo. Ndinakhala pafupi ndi mayi m'tchalitchi monunkhabe chinyontho. Nthawi ya maumboni itakwana, iwo anangokhala, manja ali pamiyendo. Nyimbo italengezedwa, mayi anatsegula buku lawo la nyimbo, analiyang'ana kanthawi, n'kulisendezera kwa ine.

"Nibelengele, mwana wanga," anatero. "Ine vilembo sinivionanso."