Kukaukitsa Abambo ku Mphunzi

Ndinatseka kashopu kanga kosokera zovala pa Linthipe m'mamawa wa Loweruka, chifunga chisanachoke, n'kukaima m'mbali mwa msewu kudikira minibasi ya ku Dedza. Ulendo wake unali wochititsa manyazi kuufotokoza: ndimapita kwathu ku Mphunzi kukaukitsa abambo anga, amene anali asanafe n'komwe.

Nkhaniyi inayamba dzulo lake. Kasitomala wina anabwera kudzatenga diresi, n'kundigwira dzanja akuti, "Pepani a Rozina, za maliro sitinamve." Ndinamufunsa kuti maliro a yani. Anatulutsa foni n'kundionetsa vidiyo. Amayi anga anali atakhala pakhonde pathu pafupi ndi mulu wa mbatatesi, atazyolika, nyimbo yachisoni ikulira chapansipansi, mawu a mwamuna akuti, "Mayi wamasiye uyu analima yekha amuna ake atatsogola. Mavenda akufuna kumudyera masuku pamutu. Gulani kwa iye." Mawuwo ndinawazindikira, anali a Fabiano, mlongo wanga wamng'ono. Ndinaimba foni kumudzi, ndipo amene anayankha anali malemuwo, n'kundifunsa ngati kuno kukuzizira ngati kumeneko.

Minibasi inafika itadzaza kale, koma kondakitala anati malo alipo, monga amanenera onse. Anatchula K5,000, tinakokana mpaka K4,000, ndipo anandikhazika pa kampando kopinda, mawondo atagunda dengu la tomato wa eni. Pambali panga panali mayi wina wa thupi lake, maso ali pafoni. Tisanapite patali ndinamva nyimbo ija ikutuluka m'manja mwake.

"Mwaiona iyi, asisi?" anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Dziko ili n'lankhanza kwa amasiye."

"Mukuwadziwa mayiwo?"

"Ayi, koma ndaitumiza kale kugulu lathu la kwaya. Taonani nkhopeyo. Ikuchita kuoneka kuti analira mpaka misozi kuuma."

Nkhope imeneyo ine ndimaidziwa bwino. Ndi imene amayi amakhala nayo mbuzi za eni zikalowa m'dimba. Titaima penapake kutsitsa munthu, gogo wina wopanda nsapato anafika pawindo ndi beseni la mbatatesi. Mayi wachifundo uja anaika foni pamiyendo, anatola mbatatesi imodzi, n'kuibweza ngati yamuotcha. "Timbatatesi ta ana iti? Tsitsani gogo, kapena muzidya nokha." Anamunenerera mpaka gogoyo anagonja ndi kuikapo basela. Galimoto itanyamuka, mayiyo anatenganso foni yake n'kupitiriza kulira.

Tinafika pa boma dzuwa litakwera, koma la Dedza la mwezi wa Juni limangowala, silifunditsa munthu. Fabiano ali ndi kanyumba ka matabwa kufupi ndi msika, komwe amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu. Za ku Nigeria, za Amwenye, zakarate zomasuliridwa m'Chichewa, zonse zimadutsa m'manja mwake, ndipo zonse amayamba waonera yekha. Sukulu inamukana ali Fomu 2, koma ukaipa dziwa nyimbo: tsopano amadzitcha katswiri wotsatsa malonda pa vidiyo. Ndinamupeza atavala magalasi akuda, m'kanyumbamo muli mdima.

"Iwe, abambo ako anamwalira liti?" Moni wanga unali umenewo.

"Achemwali, khalani pansi ndikuphunzitseni," anatero, akundikokera kampando. "Mafilimu onse amene ndimagulitsawa ndi filimu imodzi. Pamakhala wozunzika, pamakhala woipa mtima, ndiye woonera amafuna kupulumutsa wozunzikayo. Vidiyo yoyamba ndinajambula mbatatesi yokhayokha n'kutchula mtengo. Anaonera ndani? Ine ndi mkazi wanga, nayenso sanamalize. Munthu sagula mbatatesi, achemwali, amagula nkhani. Ndipo ukapanda kumugwira pamtima chala chisanasunthe, wapita kukaonera ovina."

"Ndiye nkhani zonse zinatha, inangotsala yopha abambo ako?"

"Sindinawaphe. Ndangowachotsa m'nkhani. Mwamuna wamoyo alibe ntchito mufilimu yachisoni."

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mwanayo si chitsiru chenicheni. Anandionetsa momwe anadikirira kuwala kwa m'mawa, momwe anayambira ndi nkhope osati katundu, momwe anaikira nambala ya foni kumapeto munthu akadali ndi chisoni. Luso lilipo. Koma luso lonselo analitenga n'kukakumbira manda munthu amene anamulera. Kenaka anandiuza zimene ankayesa kuti zinditseka pakamwa. Mayi wina wa lesitilanti ku Lilongwe anali ataona vidiyoyo, ndipo amabwera tsiku lomwelo masana ndi pikapu kudzagula mbatatesi yonse, pamtengo wabwino, osanenerera. Amafunanso kudzamugwira dzanja yekha mayi wamasiyeyo.

"Nanga abambo?"

"Tinagwirizana kale. Akakhala kudimba mpaka galimoto itachoka."

Ndinaimirira n'kutuluka panja, chifukwa zimene zinali kukamwa kwanga sizinali za pamsika. Tinadya chipisi cha K2,000 pachiwaya, titaima, aliyense akuyang'ana kwake. Kabichi anali wadzulo, tsabola ndiye anali wabwino.

Kuchoka pa boma tinakwera njinga zamoto ziwiri, K7,000 aliyense, chifukwa ine ndinakana kupanikizana ndi Fabiano pampando umodzi. Titasiya tala, msewu unasanduka fumbi ndi mabampu, ukukhotakhota pakati pa minda ya mapesi ndi mapiri a miyala ikuluikulu. Mphepo imalowa m'juzi ngati mulibe kanthu. Wakabaza wanga anali bambo wachikulire, woyendetsa mosamala, ndipo nditatchula mudzi wathu anatembenuka pang'ono.

"Kodi ndinu mwana wa kwa malemu?"

"Malemu ati?"

Anaseka mpaka njinga kugwedezeka. "Pepanitu mayi, ndi mmene ana akuwatchulira masiku ano. Ife timapemphera nawo. Lamulungu anali pomwepo kutolera chopereka, madzulo akazi anga akundionetsa pafoni kuti anatsogola. Ndinati, nanga amene ndaponyera ndalama m'mbale mwawo aja ndi ndani? Akuluakulu a mphakati wathu wa ku tchalitchi anapitako kukafunsa, akuti zolaula zimenezi. Abambo anuwo angoti zii, mwina manyazi."

Apo mkwiyo unasanduka chisoni. Abambo anga ndi munthu amene savula jekete pamaso pa alendo, amene sanayambe watchedwapo dzina lachipongwe chibadwire. Tsopano tiana ta mamina tikuwakuwa kuti malemu, chifukwa mwana wawo anaonera mafilimu ambiri.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Matumba a mbatatesi anali atandandalikidwa pakhonde, osokedwa bwino. Amayi anali pamphasa, mpango wakuda uli pamiyendo, osauvala. Abambo ndinawapeza akutuluka m'nyumba atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, atanyamula kampando. Anandipatsa moni monga mwa nthawi zonse, kufunsa za ana ndi za ntchito, ngati kuti palibe chikuchitika.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Kudimba, mwanawe. Ndibwera."

"Mwavomera zimenezi? Kukuikani m'manda mukupuma?"

Anaika kampando pansi n'kundiyang'ana. "Chaka chatha ndinali moyo. Mbatatesi inaolera m'chipinda umu, yotsala mavenda anatenga ndi ndowa zawo zophwanyaphwanya zija. Palibe anachoka ku Lilongwe kudzandiona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Rozina. Fetereza sagula ndi ulemu." Ananyamula kampando kaja n'kulowera kanjira ka kuseri kwa nyumba, pang'onopang'ono, chifukwa bondo limawavuta kukazizira. Ine amene ndinabwera njira yonse ndi mawu odzaza m'kamwa, ndinangowaperekeza ndi maso.

Asanapite patali, fumbi linaoneka kumsewu. Fabiano anathamanga uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, akunong'oneza amayi kuti avale mpango, akuyatsa foni kuti ajambule gawo lachiwiri. Amayi sanauvale, koma sanautayenso. Mayi wa lesitilanti anatsika pa pikapu, munthu waulemu wake, atanyamula kamtolo: shuga, sopo ndi chitenje chatsopano. Anagwada pamphasa, n'kugwira dzanja la amayi ndi manja onse awiri.

"Pepani kwambiri, amayi. Vidiyo yanu inandiliza usiku wonse. Nanenso ndinaleredwa ndi mayi wamasiye. Abambowo anatisiya liti?"

Amayi anatembenuka. Anayang'ana kanjira kaja, komwe jekete inali kuonekabe pakati pa mapesi, ikutsimphina. Misozi inayamba kutsika, yeniyeni, ndipo Fabiano anasendera pafupi ndi foni yake, nkhope ili mwee, poti zimenezi ngakhale mufilimu sizipezeka. Kenaka amayi anadzuka, mpango unagwa pansi, n'kukuwa ndi mawu amene amaitanira anthu kumunda:

"Bambo a Rozina! Inu bambo a Rozina! Tabwererani kuno, kwabwera alendo!"

Abambo anaima kanthawi atatipatsa msana. Kenaka anatembenuka. Tonse tinawadikira ali pang'onopang'ono ndi kampando kawo. Atafika anakhala pansi, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja. "Takulandirani, mayi. Mwayenda bwanji?"

Mlendoyo sanayankhe moniwo. Anayang'ana abambo, anayang'ana amayi, n'kumalizira pa Fabiano. "Ndiye mwandiliritsa pachabe? Mafuta anga kuchoka ku Lilongwe?" Sindingamunene kwambiri, Fabiano anamunamizadi, ndipo anamunamiza pa bala lake. Koma zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso angawa. Anatola kamtolo kaja n'kukabweza m'galimoto. Anamasula thumba limodzi, n'kupeza mwadzidzidzi kuti mbatatesi ndi yaing'ono, ina yobiriwira, ina sichedwa kuola. Anatchula mtengo wa mavenda, n'kunena kuti atenga matumba atatu okha kuti asabwerere chimanjamanja. Abambo anavomera ndi mutu, n'kuthandiza kukweza okha.

Fumbi la pikapu litatha, Fabiano anakhala pa thumba limodzi mwa otsalawo, magalasi ali m'manja. "Amayi, mwaononga zonse. Inangotsala pang'ono."

"Filimu upanga ina," anatero amayi, akukutumula mpango uja. "Mwamuna ndili naye mmodzi."

Ndinagona komweko, ndipo m'mawa titachoka ku Misa ndinakwera njinga kubwerera ku msewu wa tala. Ndinasiya matumba ali mbwee pakhonde, abambo akuwerengera m'mutu mavenda amene angawaitane, Fabiano akufufuta vidiyo imene inali itafalikira kale m'mafoni a anthu osawadziwa. Njira yonse ndimaganiza za maphunziro ake aja. Sananame kuti anthu amagula nkhani. Anangoiwala kuti mufilimu woonera amathimitsa n'kukagona, pamene pa malonda amakwera galimoto n'kubwera pakhomo. Koma Fabiano yekha sindingamusenzetse zonse. Mbatatesi inali yomweyo, matumba omwewo, thukuta lomwelo. Chinagwetsa mtengo n'chakuti amene anailima anali moyo.