Nambala Yakuda ya Abiti Bulawayo

Tinanyamuka pa Balaka Lachiwiri m'mawa cha m'ma sikisi, titakangana kale. Ine Jafali ndinali pa chiwongolero, amalume anga Che Amidu atagona pampando wakumbuyo, ndipo wachitatu anali galimoto yawo, poti iwo ankaiwerengera ngati munthu. Ankaitchula Abiti Bulawayo. Inali ya ku Mangalande, yakuda, yamphuno yaitali, yopangidwa ine ndisanabadwe, yoliza ndi handulo.

Amalume anagwira ntchito ku Bulawayo zaka makumi atatu. Pobwerera anakweza galimotoyo pa sitima, ndipo inatsika pa siteshoni ya Balaka itafa. Anakhala kwa ine zaka zitatu akuikonza pansi pa mtengo wa mango, osalola kupita kwathu ku Chikweo pa basi. "Kumudzi ndikalowa ndi Abiti," ankatero. Pamene injini inkadzalira, chifuwa chinali chitawatha kale. Adokotala sanatibisire. Anati ngati ali ndi kwawo, tiwatengere msanga.

Mkangano wathu unali pa nambala. Mapepala onse anali bwino: msonkho wa kasitomu unaperekedwa, galimoto inalembetsedwa ku Blantyre, ndipo inapatsidwa nambala ya Malawi. Lamulo linkati galimoto yochokera kunja, kaya ndi yakale chotani, ivale zitsulo za nambala zofanana ndi za aliyense, choyera kutsogolo, chachikasu kumbuyo, zilembo zakuda zowongoka. Amalume anali nazo zitsulozo, koma ankazisunga pansi pa mpando zitakulungidwa m'nyuzipepala. Ankati ndi malata a chitini cha palafini. Pagalimoto panali nambala ya ku Rhodesia, yakuda, yochindikala, ya zilembo zotukuka zangati siliva, zomwe ankazipukuta ndi phulusa ndi mandimu Lachisanu lililonse asanapite ku mzikiti.

Yakumbuyo anandilola kusintha popanda vuto. Nditagwira sipanala kupita kutsogolo, anadzutsa mutu.

"Iyayi. Imeneyo usaikhudze."

"Amjomba, pa Liwonde pali apolisi. Nambala ya ku Rhodesia masiku ano? Mukufuna tikagone m'chitokosi?"

"Ndiyomwe ili pa chithunzi."

Chithunzicho ndinkachidziwa. Ndili mwana ku Chikweo chinkapachikidwa m'nyumba ya mlongo wawo Abiti Daudi, amayi anga aakulu, amene anandilera amayi atamwalira. Amalume anaima pambali pa galimoto, dzanja pa boneti, nambala ikuoneka bwino. Koma m'mawa umenewo ndinaona ngati ndi matama a munthu wokalamba, ndipo ndinawayankha mwaukali. Ndinati munthu amene sangathe kudzinyamulira kapu ya madzi asamalamule za mabawuti. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Ndinaponya sipanala pansi pa mpando n'kupukusa handulo.

Msewu wa ku Liwonde unali wa phula, koma Abiti sankadziwa kuti phula ndi lothamangirapo. Lole za thonje zinkatipitirira, a pamwamba pa mabelo akutiimikira manja. Pa mphambano ya ku Mangochi rediyeta inayamba kubwata. Mayi wina wogulitsa malambe anatipatsa ndowa ya madzi, n'kusuzumira pa windo.

"Odwalawa mukupita nawo ku chipatala?"

"Tikuchokera ku chipatalako, mayi. Tikupita kumudzi."

Anamvetsa. Anakana ndalama ya madzi, n'kundipatsa dambe limodzi kuti azinyambita ufa wake pakamwa pakauma.

Pa Liwonde tinafika eyiti koloko itakwana. Tsidya lino la mlatho wa Shire panali migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Anyamata a chipani anayamba ndiwo kutifunsa makadi, tinaonetsa. Kenako panabwera sajeni wa polisi, wamtali, waimvi m'mbali mwa chipewa. Anaima kutsogolo kwa galimoto, anazungulira kumbuyo, n'kubwereranso kutsogolo pang'onopang'ono.

"Achimwene, galimoto yanuyi kumbuyo ili ku Malawi, kutsogolo ili ku Rhodesia. Ine ndilembe kuti ili kuti?"

Anzake anaseka. Ine sindinaseke. Zaka zimenezo nkhondo inali isanathe kumwera kuja, ndipo munthu ankatha kutengedwa pa chifukwa chochepa kuposa chimenechi, abale osadziwa kokafunsa. Ndinatulutsa mapepala. Sajeni anawerenga tsamba ndi tsamba. Anati mapepala ali bwino, koma galimoto yovala nambala ziwiri zosiyana imayenera kukokedwa kupita ku bwalo la polisi mpaka mlandu utakambidwa, mwina Lachisanu, mwina sabata yamawa.

"Bwana, onani kumbuyoko," ndinatero. "Sabata yamawa alibe."

Anawerama pa windo, n'kuvula chipewa.

"Madala, muli bwanji?"

"Ndili m'njira, mwanangu," amalume anayankha motsitsa. "Ndiloleni nambala yangayi ndikafike nayo. Ndi lero lokha."

"Madala, ine ndikatseka maso, pa Ntaja pali anzanga amene satseka. Ndipo akafunsa kuti inadutsa bwanji pa Liwonde. Chitsulo choyenera cha kutsogolo muli nacho?"

Ndinachitulutsa m'nyuzipepala muja. Anachiyeza ndi maso, n'kunena kuti ndikachotsa yakudayo iye ali pompo, atilola tipite. Ndinayang'ana amalume. Anatembenukira ku mpando. Ndinatenga kuti avomera, ngakhale ndinkadziwa kuti sanavomere.

Mabawuti anali atagwirana ndi dzimbiri la zaka zambiri. Sipanala inaterereka mpaka ndinasupuka zala. Pansi pa mtengo pafupi ndi mlatho panali bambo wina wokonza njinga, wa ndevu zoyera ndi kofiya kumutu. Anabwera yekha ndi botolo la palafini, tchizulo ndi hamala.

"Musakakamize, mupinda chitsulo chabwinochi," anatero. "Zotere sapanganso. Thirani palafini, mudikire."

Tinadikira. Ndinagula tiyi wa matambala atatu ndi mandasi awiri pa kanyumba ka pambali. Amalume anamwa masipuni anayi okha. Pansi pa mlatho madzi ankakhuthuka m'zipata mwaphokoso, asodzi akuponya maukonde m'thovu, ndipo dzuwa linkakwera. Nthawi iliyonse amalume akasiya kutsokomola ndinkathamangira pa windo kukaona ngati akupuma. Mabawuti atatu anamasuka. Bawuti lachinayi bamboyo analidula ndi tchizulo, ndipo hamala ikagunda amalume ankatsinzina. Nambala itachoka anaipukuta ndi malaya ake, n'kukaipereka kwa mwini wake ndi manja awiri. Amalume anaiika pachifuwa. Ine ndinamanga choyera chija, sajeni anakweza mtengo, tinawoloka teni koloko itadutsa.

Kuchokera pamenepo phula linatha. Msewu wa ku Ntaja unali wa fumbi ndi mabampu, ukukwera m'mapiri, ndipo ndinkayenda giya yachiwiri kuopa kuwagwedeza. Pa Nsanama ndinathiranso madzi. Njira yonseyo ine ndinali ndi manyazi osakanikirana ndi mkwiyo, poti ndinkadziwa kuti ndinalondola koma sizinkandithandiza chilichonse.

Pa Ntaja apolisi anayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutikupiza dzanja. Titapitirira msika amalume anati ndiime, nthawi ya swala, pemphero la masana, yakwana. Ndinaimika pansi pa mtengo wa mthethe. Anaswali chogona, ndi milomo yokha. Atamaliza anandiitana.

"Jafali, pa chithunzi chija dzanja langa lamanzere lili kuti?"

"Kumbuyo, ndikukumbukira."

"Linagwira chipewa cha udalaivala. Galimotoyi inali ya bwana wanga. Ndinamuperekeza ku banki, wojambula anali pa khonde, ndiye ndinavula chipewa. Wolemba makalata ndinamuuza alembe kuseri kuti galimoto yanga."

Anapuma kanthawi, chifuwa chikulira.

"Amayi anamwalira akuuza anthu kuti mwana wawo ali ndi galimoto. Achemwali anakangana ndi mudzi wonse, poti ena ankati ndi ya mzungu. Ndiye ndikanabwera bwanji pa basi? Ndinadikira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mpaka bwana atamwalira, dona n'kundigulitsa itatha kale. Bodza langa linasanduka zoona ine nditakalamba. Ndimafuna achemwali aone nambala, adziwe kuti sanakanganire chabe."

Ndinakhala pa sitepe ya galimoto n'kulira ngati mwana. Ndinali nditakhala nawo zaka zitatu, ndikuwaseka akamapukuta chitsulo, osafunsa ngakhale tsiku limodzi.

Titadutsa Nselema tinakhotera njira ya ku Chikweo, ya mchenga, yodutsa m'minda ya chinangwa. Kumeneko kunalibe migolo, kunali njinga ndi oyenda pansi basi. Ndinaimika. Mabawuti ndinalibe, choncho ndinamasula waya womangira paipi ya utsi, n'kupempha nambala ija. Sanafunse chifukwa. Ndinaimangirira pamwamba pa choyeracho, ndinaipukuta ndi mpango wanga, ndipo kuchokera pamenepo paipi inkagunda pansi pa bampu lililonse. Ndinathyola lamulo mailosi asanu ndi awiri, ndikudziwa, ndipo sindinalape.

Tinafika cha m'ma folo. Anthu anatuluka m'nyumba kutsatira phokoso. Abiti Daudi, amene ndinali ndisanawaone zaka zambiri, anabwera ndi ndodo, msana utapindika. Galimoto sanaiyang'ane n'komwe. Anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kugwira nkhope ya mlongo wawo ndi manja onse awiri.

"Achimwene, mwabwera."

"Ndabwera, achemwali. Katengeni chithunzi chija. Muyerekeze nambala."

"Zimenezo mawa. Tiyeni m'nyumba."

"Iyayi. Pompano."

Amayi aakulu analowa m'nyumba. Anatuluka atapanikiza chithunzicho pachifuwa. Anapita kutsogolo kwa galimoto, anawerama movutikira, n'kuyang'ana pa chithunzi, pa nambala, pa chithunzinso, nthawi yaitali ndithu. Kenako anaweramuka n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Ndi yomweyo. Palibe chasiyana. Ndinkakuuzani ine."

Amalume anatseka maso, ndipo anatilola kuwanyamula.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, tinawaika tsiku lomwelo masana monga mwa Chisilamu. Tsiku lotsatira ndikulongedza, ndinaona chithunzicho pa kabati. Ndinachitembenuza. Panali mutu wa amalume, mapewa ndi kachidutswa ka khoma la banki. Kuyambira pachifuwa kutsika panalibe kanthu, m'mphepete muli mongodyekadyeka.

"Chiswe," amayi aakulu anatero ali pakhomo. "Chinadya galimoto yonseyo kalekale, chaka chimene denga linadontha."

"Nanga munkayerekeza ndi chiyani?"

"Ndipo ngakhale ikanakhalapo, ine kuwerenga ndinakuphunzira kuti? Munthu wayenda zaka zonsezija kudzandifunsa funso limodzi. Umafuna ndimuyankhe chiyani?"

Ndinamasula waya uja, nambala yakuda ndinaisiya m'manja mwawo. Anaipachika pa msomali pomwe pankakhala chithunzi. Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kufunsa munthu chifukwa chimene akukakamirira chinthu ndisanayambe kumukalipira, ngakhale ndinaphunzira mochedwa.

Ndinabwerera ndekha, choyera kutsogolo, chachikasu kumbuyo. Pa mlatho wa Liwonde ndinapeza sajeni yemwe uja. Mapepala sanafunse. Anasuzumira pampando wakumbuyo, pomwe panali bulangeti lopinda.

"Madala aja anafika?"

"Anafika, bwana."

Anagwedeza mutu, n'kupita yekha kukakweza mtengo.