Munda wa Amayi Ndinausinthanitsa ndi Masofa

Inu owerenga, ine si munthu wolankhulalankhula. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, ndipo sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, choncho mundikhululukire ngati mawu anga sakuyenda bwino. Koma ndaona kuti ndikakhala chete, mayi wina wamanyazi ngati ine adzachita zomwe ndinachitazi. Ndinataya munda umene amayi anga anandipatsa, ndipo ndinautaya chifukwa cha masofa a pabalaza. Palibe anandibera. Ndinaupereka ndekha ndi manja angawa.

Mundawo uli ku Chimbonila. Amayi anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo akadali mtsikana, ndipo atabwerera anapeza malo a makolo awo atasanduka tchire. Anazula zitsa okha, chaka ndi chaka, mpaka panaoneka munda wa nyemba ndi mbatata ya kachewere. Miyendo yawo itayamba kuvuta anasamukira kwa achimwene anga ku Assumane, n'kundisiyira ine mundawo. Kwathu munda umatsata mwana wamkazi. Ine ndikanadzamusiyira mwana wanga Rosita mundawo.

Amuna anga, bambo a Rosita, ankagula nyemba kwa alimi n'kumagulitsa kwa eni malole ochokera ku Nampula. Chaka china malonda anayenda bwino kwambiri, moti tinachita lendi nyumba ya malata ku Sanjala, m'tauni ya Lichinga. Kumeneko amayi a kutchalitchi anandilowetsa m'shitiki, gulu lija losonkherana ndalama mwezi ndi mwezi n'kumalandira mosinthana. Tsiku lako lolandira, gulu lonse limabwera kunyumba kwako. Ambiri mwa iwo anali akazi a anthu a m'maofesi. Kunyumba kwawo ndinkakhala m'mphepete mwa sofa, miyendo nditaiphatika, kuopa kudetsa.

Tsiku langa litafika ndinakolopa nyumba, ndinaphika, n'kuyala mphasa ndi timipando tathu tamatabwa. Dona Felizarda, amene ankasunga ndalama za gulu, anayang'ana kampando kamodzi, n'kumasula kapulana wawo, chitenje cha m'chiuno, kuyala pamenepo asanakhale.

"Mana, mchemwali wanga, timipando tanuti sitiluma?" anatero.

Anzawo anaseka. Lero ndikaganiza ndimaona kuti mayiyu anali wanthabwala chabe, amaseka aliyense. Koma ine tsiku limenelo sindinazione choncho. Munthu wina akanangoyankha nthabwala ina, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinangowerama, ndipo mawuwo ndinagona nawo miyezi.

Pa loja ina, sitolo ya m'tauni, panali masofa atatu ochokera kunja, ansalu yofewa yotuwira, miyendo yonyezimira. Ndinkadutsa pamenepo dala popita kumsika, Rosita ali kumbuyo. Tsiku lina mwini loja anandiitana. Anandiuza kuti katundu ngati ameneyu ndi banki, satsika mtengo, ukamusamala umadzamugulitsa pa mtengo womwewo, mwinanso kuposa, chifukwa zinthu zimangokwera. Mawu amenewa anandilowa mumtima chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva.

Bambo a Rosita anati tidikire chaka china. Sindinawatsutse. Ndinangokhala chete, kuwapatsa madzi osamba chete, kudya chete. Inu owerenga, anthu amayesa munthu wofatsa sakakamiza mnzake, koma ine amuna anga ndinawakakamiza ndi chete ameneyu mpaka anatapa pa mpamba wa malonda awo. Ndalamazo zinapereweranso. Ndiye ndinakwera galimoto ndekha kupita ku Chimbonila kwa a Saide, amene munda wawo unachita malire ndi wathu. Anandikongoza ndalama zotsalazo, ine n'kuwapatsa munda ngati pinyolo, pamaso pa anansi awiri. Tinagwirizana kuti aulime chaka chimodzi, ine ndibweze ndalama mvula yotsatira isanagwe. Ndikalephera, munda ndi wawo. A Saide anandifunsa kawiri ngati amayi akudziwa. Ndinagwedeza mutu kuvomera, koma amayi sankadziwa kanthu.

Sindinkaona choopsa chilichonse. Mumtima ndinkati zikavuta ndidzagulitsa masofa, ndidzawombola munda.

Chifukwa cha maganizo amenewo sindinachotse mapulasitiki amene masofawo anabwera nawo. Ndinawonjezeranso ena, n'kumata bwinobwino kuti fumbi lofiira la ku Lichinga lisapeze polowera. Ndinawatsamiritsa kukhoma, mawindo a pabalaza n'kumakhala otseka. Ife tinkadyera kukhitchini pamphasa. Rosita anali atangoyamba kuyenda, ndipo akalowera ku masofako ndinkamunyamula msanga. Tsiku lina ndinamumenya kadzanja chifukwa anagwira pulasitiki ndi manja a phala. Analira akundiyang'ana, osamvetsa chimene walakwa. Ndinkati ndidzachotsa mapulasitikiwo tsiku limodzi lokha, tsiku limene amayi a shitiki adzabwerenso.

Tsikulo silinafike. Zinthu zinayamba kuthina m'tauni monse. Mafuta a galimoto anakwera, malole a ku Nampula anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera ankatchula mtengo wawowawo. Bambo a Rosita anakhala ndi matumba a nyemba mpaka anafumbwa. Anthu a m'maofesi nawonso ankadandaula kuti malipiro akuchedwa ndipo sakugula kanthu. M'shitiki wina analephera kusonkha, mwezi wotsatira ena awiri, kenako gulu linangofa osatsanzikana.

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kutayamba, a Saide anatumiza uthenga wondikumbutsa kuti mvula ili pafupi. Ndinapita kwa mwini loja uja. Anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kunena kuti iye sagula katundu wakale, ndipo masofa atsopano amene ali nawo akungodya malo. Bambo a Rosita anajambula masofa athu pafoni n'kutumiza m'magulu a malonda. Anandionetsa zimene zinali m'magulumo. Masofa, mafiriji, mawayilesi a kanema akuluakulu, mafoni odula, aliyense akugulitsa. Pakati pa zithunzizo ndinazindikira makatani a kunyumba kwa Dona Felizarda. Nawonso ankagulitsa masofa awo. Sindinasangalale, ndinangochita mantha. Ngati onse akugulitsa, wogula ndani?

Pamapeto pake panabwera bambo wina wogula katundu wakale, wonenepa, wosekaseka. Anazungulira masofawo akuimba mluzu.

"Dona, mwawafunditsa ngati maliro," anatero. "Tavundukulani tione ngati akupuma."

Ndinamatula pulasitiki monyadira, ndikudziwa kuti mkatimo ndi mwatsopano. Fungo ndi limene linayamba kutuluka. Kumbuyo konse kumene kunatsamira khoma kunali chuku, mawangamawanga akuda ndi obiriwira. Inu amene mumaidziwa Lichinga mukudziwa mvula yake, chifunga chake ndi kuzizira kwake. Chinyezi chinalowa m'mapulasitikimo n'kusowa potulukira. Masofa a anzanga amene ana ankadumphapo tsiku ndi tsiku anali bwino kuposa angawo.

Bamboyo anasiya kuseka. Anatchula mtengo wosafika ngakhale theka la theka la ndalama zimene tinagulira. Bambo a Rosita anayesa kunenerera, koma iye anangotulutsa foni n'kuwaonetsa masofa ena abwinobwino otsika mtengo. Tinalandira. Pamene ankawakweza pangolo, amuna anga sanandidzudzule. Anangondigwira paphewa n'kupita kukathandiza kumanga zingwe.

Ndinapita ku Chimbonila ndi ndalama zoperewerazo, nditawonjezera za makapulana anga abwino amene ndinagulitsanso motchipa. Ndinagwada pakhomo pa a Saide kupempha chaka china. Musaganize kuti ndi munthu woipa. Anandipatsa mpando, akazi awo anandipatsa madzi. Anandifotokozera kuti ndalama zimene anandipatsa nawonso anachita kukongola, ndipo mwini wake ali pakhosi pawo. Akanalandira zonse, akanandibwezera munda tsiku lomwelo. Zoperewera sakanatha kulandira. Mvula inagwa sabata yotsatira.

Chovuta kuposa zonse chinali kupita ku Assumane. Ndinawapeza amayi ali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo n'kuwauza zonse kuyambira pa nthabwala ya Dona Felizarda, maso anga ali pansi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira kapena kundithamangitsa. Iwo anangoika lichero pambali.

"Nanga masofawo anali ofewa?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, amayi. Sindinakhalepo."

Anaseka. Anaseka mpaka misozi inatuluka, ndipo misoziyo sinaleke pamene kuseka kunatha. Anandikokera mutu pamiyendo yawo ngati ndili mwana wamng'ono, n'kumandisisita.

"Mwana wanga, ukanangobwera tsiku lomwe anakusekalo. Tikanamuseka limodzi mayi ameneyo."

Sananenenso china chokhudza mundawo, mpaka lero. Koma achimwene anandiuza kuti mvula ikayamba amayi amafunsa aliyense wochokera ku Chimbonila ngati a Saide adzala kale, ndiponso ngati mtengo wa pichesi wa pamalire sanaudule.

Nyumba ya ku Sanjala tinaisiya. Tikukhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya achimwene. Bambo a Rosita amanyamula katundu wa anthu kumsika, ine ndimagwira ganyu m'minda ya eni ake. Nthawi yopalira a Saide amandiitana ine poyamba, ndipo amandilipira bwino kuposa ena. Ndimadziwa pamene pali mwala uliwonse m'mundamo.

Inu owerenga, makamaka inu amayi anzanga, sindikunena kuti zinthu zabwino n'zoipa. Ngati muli nazo ndalama zapadera, gulani, ndipo mukagula khalanipo, ana anu akhaleponso. Koma wina akakuuzani kuti katundu wodula ndi banki, musanalipire pitani kaye kwa ogula zakale mukafunse kuti chinthu ngati chimenecho angakupatseni zingati. Kumbukiraninso kuti tsiku limene mudzafune kugulitsa chifukwa zinthu zathina, anansi anu onse adzakhala akugulitsanso. Musapereke pinyolo chinthu chimene chimakudyetsani kuti mugule chinthu choti anthu aone. Ndipo ngati ndinu wamanyazi ngati ine, wina akakusekani musapite nazo kukagona. Kauzeni munthu amene amakukondani tsiku lomwelo.

Rosita tsopano akulankhula bwinobwino ndipo amafunsa chilichonse. Anzake akamapita kumunda kwa amayi awo, tsiku lina nayenso adzandifunsa kuti wathu uli kuti. Ndatsimikiza mtima kuti sindidzamunamiza. Ndidzamutenga kupita naye ku Chimbonila, tidzaima pamalire, ndidzamuonetsa pamene agogo ake anazula zitsa, kenako ndidzamupepesa.