Ndinawaletsa Kusaina, Gawo Lawo Linabwera kwa Ine

Inu owerenga, ine ndinamanitsa mayi wamasiye ndalama zake chifukwa cha mantha anga, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zaka za m'ma 1970 tinkakhala kutsidya kwa nyanja, pa nyumba ina yosanja ku Scarborough, yomwe inkazizira ngati mufiriji chifukwa mahita otenthetsera m'nyumba anali akufa. Alendi tonse tinamutengera mwininyumba kukhoti ngati gulu limodzi, ndipo iye anavomera kulipira. Ndalamazo anazisunga loya. Aliyense amayenera kusaina fomu ndi kupereka malisiti a lendi tsiku lotsekera lisanakwane, kenako agawiridwe molingana ndi miyezi yomwe anavutika.

Pansi pathu pankakhala Mayi Nachisale, ochokera ku Ntcheu, amuna awo atamwalira kumene. Mwana wawo anali ndi mphumu, ndipo mayiwo ankadalira ndalamazo kuti asamukire kwina kofunda chisanu china chisanafike. Anabwera ndi fomu yawo kudzandifunsa, poti ine ndinali mkhalakale.

Masiku amenewo ife Amalawi tinkaopa ndi chithunzithunzi chathu chomwe. Tinkakhulupirira kuti dzina likalowa pa pepala la gulu, mawa lamveka kumudzi kuti wayamba ndale, abale ako n'kutengedwa. Sindinafunse loya, sindinawerenge n'komwe fomuyo. Ndinangowauza motsitsa mawu kuti akumbukire alongo awo ali kumudzi. Anaipinda fomuyo osasaina.

Tsiku lotsekera linadutsa. Patapita miyezi, cheke chinafika kwathu. Amuna anga anali atasaina mwakachetechete, podziwa kuti ndikanawaletsa. Kalata ya loya inati magawo a omwe sanasaine awonjezeredwa kwa omwe anasaina. Ndinathamangira kwa loyayo, koma anati ndachedwa, zonse zagawidwa kale. Anandiuzanso kuti mayinawo sankapita kwina kulikonse.

Sabata imeneyo mwana uja anali atagonekedwa m'chipatala. Ndinatenga ndalama zonse n'kukagwada pakhomo pawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osazikhudza.

"Ayi amayi, sungani," anatero. "Inu kumudzi mulibe alongo."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Chisanu chimenecho anachitheranso m'nyumba yomweyo, ndipo sanandilankhulenso.

Inu owerenga, pepala la chipukutamisozi likakupezani, liwerengeni, funsani loya, ndipo musaphonye tsiku lotsekera. Munthu akakudalirani pa zomwe simukuzidziwa, nenani kuti simukudziwa. Ine mawu amenewo anandikanika, wolipira n'kukhala mwana wa eni.