Chulu Chatsala Kunja kwa Ansala

Ndili m'kalasi ya fizikisi, koma kalasiyo ili pamwamba pa phiri la kwathu, ndipo ndavala yunifolomu ngakhale ndili ndi imvi. Aphunzitsi athu akale, aja ankatikwapula ndi rula, akhazika mlongoti wa netiweki patebulo. Ukuwala ngati tochi masanasana, kuwalako kukunka kutambasuka potsikira kumudzi.

"Werengera," akutero. "Madigiri khumi, mtunda makilomita anayi. Netiweki ikwana malo aakulu bwanji?"

Ndikulemba pabolodi, choko chikutuluka thukuta. Ndikalemba nambala, mzere woyera ukujambulika kumudzi kuja, kudutsa m'minda ndi m'makola. Amene ali mkati mwa mzere akulankhula. Amene ali kunja akungoyasamula ngati nsomba.

Kenako ndikuona amayi. Akwera pachulu chija timakwerapo posaka netiweki, foni ili m'mwamba, akundiimbira. Chulucho chatsala kunja kwa mzere ndi phazi limodzi lokha.

"Aphunzitsi, chonde, ndionjezeko digiri imodzi. Awo ndi amayi anga, bambo akudwala."

Aphunzitsi akuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye masamu adwale nawo? Ansala ndi yako yomwe. Wakhoza."

Akundichonga pachipumi ndi bolopeni yofiira, akuuza kalasi indiombere m'manja. Atenga dasitala, akufufuta zonse zimene zili kunja kwa mzere, mosafulumira: mtengo wa mango, khola la mbuzi, chulu. Amayi akuwafufuta kuyambira pakamwa.

Ndadzuka foni ili m'manja, netiweki yodzaza bwinobwino, koma ndikuopa kuimba.