Kiyi wa a Ndapita

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Ndapita, chifukwa ukawapatsa moni ankayankha atayamba kale kuyenda. Anagulitsapo mazira, anakwezapo anthu panjinga, anaotchapo njerwa, mapeto ake n'kutsegula kachipinda kamalata kometera tsitsi kuseri kwa msika. Pometapo diso limodzi linkakhala pamutu wa munthu, lina kumsewu, moti otuluka m'menemo ndi chigamba kuseri kwa khutu analipo ambiri ndithu.

N'chifukwa chake anthu anagwira pakamwa atamva kuti gulu la banki mkhonde la pamsikapo lawasungitsa kiyi. Bokosi la gululo linali ndi maloko atatu, kiyi aliyense kwa munthu wake, ndipo silinkatsegulidwa mpaka onse atatu atapezeka pamaso pa gulu. Munthu wosagunditsa matako pansi ngati ameneyu! Koma iwo anamangirira kiyiyo pachingwe m'khosi, ndipo Loweruka lililonse masana ankabwera, akung'ung'udza, bondo likugwedera pabenchi.

Tsiku lina mlamu wawo, dalaivala wa lole, anabwera ndi nkhani yabwino: bwana wake akufuna womuthandiza pa maulendo akutali, ndipo lole inyamuka Loweruka m'mawa. Ntchito yake inali yomweyo imene a Ndapita ankailota. Anasesa posesedwa kale, anamanga chikwama n'kuchimasulanso, kenako anathamangira kwa wapampando wa gulu, mayi wogulitsa makala.

"Mayi, nayu kiyi wanu. Ine ndapita."

Mayiwo sanatambasule n'komwe dzanja. "Munalandirira pagulu, bambo, mudzabwezere pagulu. Ine ndili naye kale wanga, munthu sagwira awiri."

"Ndiye tikumane lero lomwe!"

"Lero anthu ali kokaoda katundu. Ndipo mukudziwa kuti atelala akudikira thumba la zadzidzidzi, mwana wawo ali m'chipatala."

Loweruka m'mawa lole inaima pamsewu ikuliza hutala. A Ndapita anapita ndi chikwama, anabwerera, anapitanso.

"Alamu, kwerani, nthawi yatha!" anakuwa dalaivala uja.

Phazi linali kale pachokwerera pamene kiyi anawagunda pachifuwa. Mwana wa atelalayo ankamumeta iwo kuyambira ali wokhalira pamiyendo ya mayi ake, akulira ndi makina. Anatsika. Lole inapita, iwo n'kutsala akumeza fumbi, ndipo mtima unawawawa kwambiri.

Masana, anzawo awiri atatsegula maloko awo, a Ndapita anagwada pabokosi nkhope ili gwa. Anagwira loko wawo mwaukali kiyi asanamulowetse, lokoyo n'kungoti phwa, kutseguka yekha.

Atelala anayamba kukonza mpango womwe unali bwinobwino.

"Lokoyo anafa kalekale, bambo," anatero wapampando. "Tonse timadziwa."

"Ndiye mwandiphera ntchito chifukwa cha loko wakufa?"

"Loko n'chitsulo chabe. Ife timatsegula bokosi inuyo mukakhalapo."

A Ndapita anaimirira. Anali atakwiya, komanso mawuwo anawakhudza mtima, pakuti chibadwire palibe amene anawadikirapo. Anatuluka osatsanzika, ndipo anthu anati ulendo uno apitadi. Atelala analandira thandizo lawo n'kuthamangira kuchipatala. Sabata yonseyo chitseko cha kometera chinkatseguka mochedwa, mwini wake osalankhula ndi munthu wa gulu.

Loweruka linalo bokosi litaikidwa pakati, malo awo pabenchi anali opanda munthu. Anthu ankangosuzumira pakhomo. Kenaka anatulukira, thukuta lili kamukamu, n'kuponya patebulo loko watsopano wonyezimira.

"Musamapusitse anthu akuluakulu," anatero, akukhala pansi.

Kiyi wake anali kale pachingwe m'khosi.