Katswiri wa Seva Wochokera ku Lilongwe

Ndinagwira ntchito ya ulembi zaka zisanu ndi ziwiri pa kabungwe kena kothandiza alimi a mpunga ku Karonga. Maimelo athu onse ankasungidwa m'kompyuta imodzi yakale imene tinkaitchula kuti seva. Inkakhala m'kachipinda kosungira matumba a mbewu. Ndine ndinkaipukuta fumbi, kuiyatsa magetsi akabwera, ndi kuiikira fani mu Okutobala ikayamba kulira ndi kutentha. Inali yochedwa, koma sinatayepo kalata ya munthu.

Chaka china, madzi osefukira atangowononga minda ku Kaporo, bwana wathu anabwerako ku msonkhano wa ku Lilongwe ali wamanyazi. Anzawo anawaseka kuti tikugwiritsabe ntchito pulogalamu ya imelo yachikale. Patatha sabata anatibweretsera katswiri woti aike yatsopano.

Munthuyo anafika atavala jekete padzuwa la ku Karonga, thukuta lili kamukamu. Nditamupatsa moni m'Chichewa changa cha kuno, anabwereza mawu anga monditsanzira, bwana n'kuseka naye.

"Bambo," ndinatero, "bwanji muyambe mwakopera maimelo onse pena pake? Muli mayina a alimi amene madzi awakokolera mpunga. Alangizi athu akhala akutumiza milungu itatu."

"Amayi, inu ntchito yanu ndi chiyani pano?"

"Ndine mlembi."

"Ndiye kalembeni. Mundipangirekonso tiyi."

Ndinapanga tiyiyo. Pobweretsa kapu yachiwiri, ndinaona pa foni yake kanema wa mzungu akufotokoza kaikidwe ka pulogalamuyo. Ankaonera pang'ono, kuimitsa, kudina batani ndi chala chimodzi, n'kuoneranso. Katswiri wathu anali kuphunzirira pa ife.

Dalaivala wathu, bambo wachikulire wa ku Wovwe, anasuzumira pakhomo n'kundinong'oneza m'Chitumbuka kuti, "Mama, munthu uyu ni mutesi." Ankatanthauza kuti ndi wabodza. Ndinangovomera ndi mutu.

Cha m'ma 3 koloko masana katswiri uja anaitana bwana. Pa sikirini panali mitundu yowala, ndipo bwana anaomba m'manja ngati aona mkwatibwi. Ine ndinathamangira pa desiki panga kukatsegula maimelo. Munali mbee! Kwa alangizi chimodzimodzi. Malipoti, mapangano ndi makalabu, mayina a alimi, zonse kulibe.

"Zikadali m'njira," anatero katswiriyo osandiyang'ana. "Vuto ndi netiweki yanu ya kumudziyi."

M'mawa mwake anakwera basi atanyamula thumba la mpunga wa kilombero limene bwana anamupatsa pomuthokoza.

Maimelowo sanabwerenso. Tikamuimbira ankati ali pa msonkhano. Chimene chinabwera ndi lipoti lake la masamba awiri, lonena kuti ife ogwira ntchito sitidziwa makompyuta, mwina tinafufuta tokha, choncho tikufunika maphunziro. Wodzatiphunzitsa anadzitchula yekha. Bwana anatiwerengera lipotilo mokweza, akuimaima kuti andiyang'ane.

Mayina anafunikabe, chifukwa popanda mndandanda mbewu zothandizira alimi aja sizikanatuluka. Ine, dalaivala ndi alangizi awiri tinayenda masiku asanu m'matope a ku Kaporo, nsapato kumanja, tikulemba anthu m'kope. Mayi wina wobereka mwana anandifunsa kuti, "Kodi simunatilembe kale?" Ndinamuuza kuti mapepala ananyowa. Zoona zake zinali zopusa kwambiri moti sindikanatha kumufotokozera. Mbewu zinafika mochedwa. Ena anabzalabe, ena anali atapita kale kukasaka ganyu.

Katswiri anabweradi. Masiku awiri athunthu anatiphunzitsa kusankha pasiwedi, akulemba pa bolodi mawu a Chingelezi amene ena ankawalakwitsa. Pomaliza anafunsa ngati alipo ali ndi funso. Ndinakweza dzanja.

"Bambo, mutiphunzitseko kukopera maimelo munthu asanasinthe pulogalamu."

Dalaivala anatsokomola n'kutuluka panja, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Lolemba lotsatira bwana anandiitana. Anati ndanyozetsa bungwe pamaso pa mlendo, ndipo ndiyenera kulandira kalata yochenjeza. Popeza pa ofesi panalibe wina wodziwa kutayipa msanga, anandipatsa pepala lolemba pamanja kuti nditayipe ndekha. Ndinatayipa, ndinakonza mawu anayi amene analakwitsa, n'kuwapititsira kuti asayine.